Mwana wa zaka 9 akukodzabe pogona, nditani?

MaiWaPaMatero
Anzanga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 9, ali Giredi 4, koma mpaka lero amakodzabe pogona. Si usiku uliwonse, koma pa sabata masiku amene amadzuka wouma ndi owerengeka. Chibadwire sanasiyepo. Mng'ono wake wa zaka 5 anasiya kalekale, ndiye poti amagona pa matiresi amodzi, m'mawa uliwonse ndi mkangano, wamng'onoyo kulira kuti "wandinyowetsanso". Ndi kuzizira kwa June kuno bulangete silikuuma, madzi nawonso timachita kugula pa chigubu. Bambo ake akuti ndi ulesi, akufuna kumutengera lamba. Apongozi anga akuti ndimusenzetse matiresiwo azungulire nawo payadi kuti anzake amuwowoze, akuti kumudzi ankatero. Ine mtima sukundilola. Ndinamuletsa kumwa madzi kuyambira 16 hours koma palibe chasintha. Pa holide ya August amalume ake amuitana ku Chipata, iye akukana kwamtuwagalu, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Amene munadutsamo, munatani?

Mkatete77
Ulesi basi. Bambo akewo akunena zoona. Ife tinakula ndi chikoti ndipo tinasiya. Ana a mu Lusaka mumawanyengerera kwambiri.

TateWaAwiri
A Mkatete, munasiya chifukwa cha chikoti kapena munangokula? Ine ndiyankhule poyera poti pano sitikuonana nkhope. Ndinakodza pogona mpaka Giredi 7. Kumenyedwa ndinamenyedwa, kusenzetsedwa mphasa ndinasenzetsedwa, anzanga akundiimbira nyimbo m'mbuyo mpaka kuchitsime. Palibe chinathandiza. Chimene ndinaphunzira ndi kubisa. Ndinkadzuka tambala woyamba, kutembenuza mphasa, kabudula wonyowa n'kumukankhira kuseri kwa nkhokwe, kusukulu n'kupita ndi fungo. Usiku wina ndinadzimanga ndi ulusi wa thumba la fetereza kuti mkodzo usatuluke. Ndinatupa moti agogo anachita kuudula ndi lumo ine ndikukuwa. Mayi, mwana wanuyo zikumupweteka kuposa inu amene mukuchapa. Matiresiwo musamusenzetse.

Mkatete77
Koma pomaliza munasiya.

TateWaAwiri
Ndinasiya chikoti chitatopa kale, anthu atangondisiya. Werengani bwino.

GogoNaPhiri
Mwana wanga, kodi madzulo samasewera ndi moto wa pa mbaula? Ife makolo ankatiuza kuti mwana wogwedeza chikuni chamoto usiku amakodza pamphasa. Koma zomuzunguliritsa payadi ayi, ngakhale kumudzi si onse ankachita. Ine adzukulu anga ndimawadzutsa ndisanagone, ndowa ili pakhomo la chipinda, akodze abwerere. Uwauze apongozi akowo kuti anena ndi agogo anzawo.

Chigubu20
Agogo, za motozo anatiuza kuti tisaotche nyumba zaudzu kkkk. Koma funso langa kwa a MaiWaPaMatero: chimbudzi chanu chili kuti? Kwathu kuno ku Kanyama chili kumapeto kwa yadi, mabanja onse chimodzi chomwecho, ndipo alandilodi amachikhoma ikakwana 22 hours kuopa oledzera ochokera kubala. Magetsi akazima ngakhale ine wamkulu ndimayamba ndaganiza kawiri. Mwana angatuluke?

AuntyBauleni
Kukhoma chimbudzi usiku? Ndiye renti mumalipirira chiyani?

Chigubu20
Kiyi ali kwa mayi alandilodi. Ukagogoda usiku m'mawa komboni yonse yadziwa kuti unatsegula m'mimba.

MaiWaPaMatero
Chimbudzi chili panja inde, koma ndowa timaika m'nyumba ndipo wamng'ono amaigwiritsa ntchito. Vuto la wamkuluyu ndi loti sadzuka n'komwe. Ndikamudzutsa amaima maso ali chitsinzinire, kukodza mundowa, m'mawa osakumbuka kalikonse, ndipo nthawi zina m'bandakucha wanyowetsanso. Agogo, pa mbaula sayandikirapo.

NesiWausiku
Ndadikira kuti nditsike pa shifiti kuti ndiyankhe bwinobwino, mundipirire kutalika. Ndimagwira ntchito ku wodi ya ana.

Choyamba mayi, mwana wanu sali yekha. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe pogona. Pofika zaka 10 amatsala ngati 5, ndipo mmodzi kapena awiri amafika nazo pa unyamata. Anyamata ndi amene amachuluka. M'kalasi la mwana wanu muli anzake avuto lomweli, kungoti aliyense amayesa ali yekha. Chaka chilichonse pafupifupi 15 pa 100 mwa ana amenewa amasiya okha popanda mankhwala. N'chifukwa chake aliyense ali ndi umboni wa njira yake, wina chikoti, wina mizu, wina madzi odalitsidwa. Chimene chinachitika komaliza ndicho chimalandira ulemu.

Zimene zimachitika m'thupi n'zitatu, ndipo ana ambiri amakhala ndi ziwiri kapena zonse. Usiku thupi limatulutsa homoni yotchedwa vasopressin imene imauza impso kuti zichepetse mkodzo. Ana ena saitulutsa yokwanira, ndiye usiku amapanga mkodzo wochuluka. Ena chikhodzodzo chawo chimasunga pang'ono kapena chimafinya chisanadzaze. Chachitatu ndi chimene mwanena chija: chikhodzodzo chikadzaza ubongo sumudzutsa. Munthu ali m'tulo sangachite ulesi, ulesi umafuna munthu amene ali maso n'kusankha kusadzuka.

Komanso zimayenda m'magazi. Ngati kholo limodzi linkakodza pogona, mwa ana 10 pafupifupi anayi amatengera. Ngati ndi makolo onse awiri, amaposa 7 mwa 10.

A TateWaAwiri, zikomo potchula za ulusi. Makolo, anyamata amachitadi zimenezi mobisa, ena ndi labala, ndipo zikhoza kupha chiwalo. Mantha a chikoti ndi amene amawafikitsa pamenepo.

Mayi, ndiyankheni izi: masana amakodza kangati, ndipo amadontheza mukabudula? Amamva kuwawa pokodza? Mkodzo unayamba wakhalapo ndi magazi? Amaliza mkonono kwambiri? Amamva ludzu losatha kapena akuwonda? Ndipo chimbudzi amachita masiku angati pa sabata, cholimba kapena chofewa?

Mkatete77
Ndiye chilichonse masiku ano ndi matenda? Mwana asamadzudzulidwe?

NesiWausiku
Mudzudzuleni akakana kupita kukakodza asanagone, poti zimenezo angathe kuzisintha. Za m'tulo mukamudzudzula mukungotaya malovu.

MaiWaPaMatero
A nesi zikomo. Magazi ayi, kuwawa ayi, mkonono ayi, thupi lake lili bwinobwino. Masana sadontheza, koma akaweruka amafika akuthamanga atagwira kutsogolo, chikwama n'kuponya pakhomo. Za chimbudzi ndachita kumufunsa tsopano apa chifukwa sindimamulondola. Akuti mwina kawiri pa sabata, ndipo chimakhala cholimba, amakhalitsa. Akuti kusukulu salowa m'chimbudzi ngakhale kukakodza, ndiye madzi samwa kuti asafune. Kodi zimenezi zikugwirizana bwanji ndi za usiku?

NesiWausiku
Eyaa, pamenepo ndi poyambira. Thumbo losunga chimbudzi lili kuseri kwenikweni kwa chikhodzodzo. Likadzaza ndi chimbudzi cholimba cha masiku atatu, zimakhala ngati mu minibasi ya ku Matero madzulo kondakitala akakankhira munthu wina pa mpando wodzaza kale: chikhodzodzo chimapanikizika, sichipeza malo otambasukira, chimangofinya. Ana ambiri kudzimbidwa kukatha, kukodza pogona kumachepa, ena kumatheratu. Makolo sadziwa chifukwa mwana wa zaka 9 palibe amamufunsa za kuchimbudzi.

Ndiye taonani tsiku lake. M'mawa mpaka kuweruka samwa kanthu. Akafika kunyumba ludzu lili pakhosi, amamwa zambiri nthawi imodzi, kenako 16 hours inu mwatseka. Madzi ochepa amaumitsa chimbudzi, mkodzo umakhala wofiirira woyabwa m'chikhodzodzo, ndipo sindikayika kuti madzulo amakaba madzi mumgomo inu mukutsuka mbale. Tembenuzani ndondomekoyo. Pa msinkhu wake amafunika lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa tsiku, ambiri amwe m'mawa ndi masana. Madzulo amwe pang'ono pa nsima, ola lomaliza asanagone asamwe. Masana azikodza kanayi mpaka ka 7, osadikira kuti zifike pothina, ndipo komaliza akodze akupita kukagona. Akadya m'mawa kapena madzulo akhale pachimbudzi mphindi zisanu ngakhale sakumva kanthu. Ndiwo zamasamba zisasowe, chibwabwa, repu, bondwe, therere, nyemba, ndi zipatso zimene zilipo monga mapapaya ndi malalanje. Ngati chimbudzi chikhalabe cholimba, kukiliniki kuli mankhwala ofewetsa oyenera ana. Musamupatse mankhwala otsegula m'mimba a akuluakulu, kapena kumupopa ndi madzi a sopo.

MadamG3
Ine ndine mphunzitsi, ndipo za kusukuluzo ndikuzivomereza. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana anachuluka kwambiri, zomwe n'zabwino, koma zimbudzi m'masukulu ambiri ndi zomwe zija. Pa buleki mzere umatalika, belu n'kulira ena asanalowe. Anyamata amathamangira kuseri kwa mpanda, amanyazi amangosunga mpaka kunyumba. Nthawi ya kolera ya mu 2024, sukulu zitachedwa kutsegulidwa mpaka February, tinkaonetsetsa kwambiri za ukhondo ndi madzi osamba m'manja, koma zoterezi zimazilala. Mayi, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake panokha, osati pamaso pa ana. Auzeni kuti ali ndi vuto la chikhodzodzo, azimulola kutuluka akakweza dzanja. Simukufunika kunena za usiku. Mumupatse botolo la madzi, muzilemba mzere ndi cholembera kuti pofika buleki akhale atafika apa. Ndipo chonde, asambe ndi sopo m'mawa uliwonse ngakhale kuzizire bwanji. Ana akangomva fungo amapereka dzina, ndipo dzinalo limamutsata mpaka ku sekondale.

Chigubu20
Madam mwanena zoona za dzina. Tili ndi mnzathu wa zaka za m'ma 40, ali ndi galimoto ndi ana, koma tikakumana pamaliro anthu amamuitanabe dzina la ku Giredi 2.

AnaBanda_Chilenje
Palibe watchula tiyi. Kuzizira kuno ana timawapatsa tiyi ndi buledi madzulo, nyumba zina ndiye chakudya chamadzulo chimenecho. Wanga ankanyowetsa kwambiri masiku a tiyi ndi masiku amene bambo ake abwera ndi Coca-Cola.

NesiWausiku
Zoona. Tiyi wa masamba, khofi ndi zakumwa za kola zili ndi caffeine, imene imachulukitsa mkodzo n'kusokosa chikhodzodzo. Tiyi amwe m'mawa.

Kondakitala_Town
Nanga maheu ndi munkoyo? Ndikufunsira mnzanga.

AuntyBauleni
Mnzanuyo ali ndi zaka zingati, ndipo munkoyo wake ndi wa masiku angati? Kkkk

Kondakitala_Town
Komanso a nesi, za mpando wodzazazo mwatilakwira, ife timakweza motsata malamulo.

AuntyBauleni
Tibwerere ku nkhani, chifukwa ine ndili ndi chenjezo. Mwana wa mchemwali wanga anasiya kukodza pogona ali ndi zaka zitatu. Ali ndi zaka 8 anangoyambiranso mwadzidzidzi. Tonse tinati ndi mwano. Ankamwa madzi osakhuta, kudzuka usiku kukamwa, kudya kwambiri koma madiresi akumukhwepa. Amake anaona nyerere zitaunjikana mundowa ya mkodzo koma sanaganizepo kanthu. Tsiku lina anayamba kusanza, kupuma mwabefu, tinathamangira naye ku UTH ku chipatala cha ana ali wofooka. Anapeza shuga, uja wa ana wofuna jakisoni wa insulin tsiku lililonse. Pano ali bwino, amadzibaya yekha. Sindikuti wa a MaiWaPaMatero ndi shuga, poti iwo akuti sanasiyepo chibadwire ndipo sakuwonda. Koma wina amene akuwerenga mwakachetechete, ngati mwana anali atasiya n'kuyambiranso, ndipo ludzu lachuluka, musadikire mawa.

NesiWausiku
Aunty mwathandiza. Ife timasiyanitsa magulu awiri. Mwana amene sanakhalepo wouma, ndi mwana amene anakhala wouma miyezi 6 kapena kuposa kenako n'kuyambiranso. Wachiwiriyu nthawi zambiri pamakhala chimene chayambitsa: shuga, matenda a m'njira ya mkodzo makamaka kwa atsikana, kudzimbidwa, kapena china chamusokoneza mumtima. Kuyeza mkodzo n'kosavuta, amaviikamo kapepala ndipo zotsatira zimatuluka nthawi yomweyo. Yambani kukiliniki yapafupi kapena zipatala za Matero, Chilenje, Chawama, Kanyama ndi Chipata komboni, iwo ndi amene angakutumizeni ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa ngati pakufunika. Ngakhale inu a MaiWaPaMatero mupite naye akamuyeze kamodzi, mtima ukhale pansi.

Mkatete77
Pa za magazi mumkodzo ndigwirizana nanu. Kwathu anyamata tinkasambira m'madambo, ambiri tinkakodza magazi kumapeto kwa mkodzo, tinkayesa ndi kukula. Linali likodzo. Ana amene mumatumiza kumudzi pa holide, kapena amene amasambira m'madamu a m'makomboni muno, muziwafunsa.

NesiWausiku
Lero tagwirizana a Mkatete. Likodzo limatupitsa chikhodzodzo, mwana amakodza pafupipafupi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa nthawi zina m'masukulu.

MakeWaWarrior
Ndiwonjezereko za ana a sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo amene amabweretsa ululu woopsa m'thupi, poti wanga ali nayo. Impso zawo zimatulutsa mkodzo wambiri wosungunuka usana ndi usiku, ndiye ambiri amakodza pogona mpaka atakula ndithu. Koma ameneyu simungamumane madzi, akangouma m'thupi ululu uja umayamba. Ife tinasankha kuchapa kusiyana ndi kugona kuchipatala. Malangizo ochepetsa madzi madzulo musawatengere kwa mwana aliyense.

MlongoWaChawama
Ine ndinena zimene ena safuna kumva. Si zonse ndi za chipatala. Mwana akamalota ali pachimbudzi kenako n'kudzuka atanyowa, pali chimene chimamunamiza kutuloko. Mupite naye kumapemphero a usiku akamumasule.

TateWaAwiri
Mlongo, loto limenelo ndimalidziwa bwino, ndinkalota nditaima kuseri kwa mtengo wa mango. Chikhodzodzo chadzaza, thupi likufuna kukodza, mutu n'kupanga loto logwirizana nazo. Ngakhale akuluakulu amalota choncho, kungoti iwo amadzidzimuka nthawi isanathe. Kupemphera ndi mwana kunyumba n'kwabwino, kumamukhazika mtima pansi. Koma kumuimika kutsogolo kwa mpingo, maikolofoni ili pakamwa, kuti anthu onse amve kuti ali ndi chiwanda chokodza, kukusiyana pati ndi kumusenzetsa matiresi?

MlongoWaChawama
Sindinanene za maikolofoni ine.

TateWaAwiri
Ndiye tapepesa. Koma ndinazionapo.

Chete_Chete
Sindimalemba kawirikawiri pano. Mtsikana amene ndimamulera, mwana wa malemu mng'ono wanga, anayamba kukodza pogona atangofika kwathu maliro atatha. Anali ndi zaka 10. Sindinamukalipire, ndinkangomudzutsa m'mawa tichape limodzi. Zinatha zokha atazolowera, koma zinatenga miyezi. Pochapapo ndi pamene anayamba kundiuza zinthu, ndipo zina zimene anandiuza za kumene ankakhala amake akudwala zinatifikitsa kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Sindinena zambiri. Mwana akayambiranso kukodza, n'kumaopa munthu wina wake kapena kukana kutsala naye m'nyumba, mufunseni mofatsa muli awiri. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere.

GogoNaPhiri
Mulungu akudalitse mwana wanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

AnaBanda_Chilenje
Tikambeko za kuchapa, chifukwa mkwiyo wambiri umachokera pamenepo. Munthu ukachapa bulangete lolemera m'mawa uliwonse ndi madzi ogula, ngakhale mwana umamukonda bwanji pakamwa pamatuluka mawu oipa. Ine ndinagula makintoshi, nsalu ija yosalowa madzi, ku Kamwala, amagulitsa pa mita, n'kukuta matiresi onse. Pamwamba ndimayala chitenje chakale chopinda pawiri, ndipo chofunda chamkati ndi kansalu kopepuka, bulangete lili pamwamba pake. Akanyowetsa, chochapa ndi chitenje ndi kansaluko basi, zimauma ndi dzuwa la masana. Pambali ndimaika chitenje china ndi kabudula wouma kuti akadzuka usiku asinthe yekha osadzutsa nyumba yonse. Matiresi amene ananyowa kale, thiranipo viniga wosakaniza ndi madzi, mukatero soda, muyanike tsiku lonse. Ndipo alekanitseni ndi mng'ono wakeyo, ngakhale kamatiresi kakang'ono pansi. Wamng'onoyo mumuuze kuti nkhani za m'nyumba sizituluka panja.

Chigubu20
Pulasitiki wakuda wa zomangira uja ndi wotchipa kuposa makintoshi.

AnaBanda_Chilenje
Amachita phokoso usiku wonse ndipo amang'ambika sabata yomweyo. Komanso October akafika mwana adzapsa nayo. Zofunda zopepuka pitani pa salaula ku Soweto m'mawa akamatsegula mabelo.

Kondakitala_Town
Nanga ma diaper a ana akuluakulu aja?

AnaBanda_Chilenje
Paulendo kapena kogona kwa eni amathandiza. Tsiku lililonse thumba silingakwanitse, ndipo wa zaka 9 ambiri amakana.

DadaWaKabwata
Ife chinatithandiza ndi kabelu. Pa intaneti mukafufuze bedwetting alarm. Ndi kachipangizo kakang'ono, mbali ina mumakanikiza pa kabudula wamkati, mbali ina paphewa la malaya ogonera. Dontho loyamba likangogwa kamalira. Tinachita kuitanitsa kudzera kwa mlamu wanga ku Johannesburg. Koma ndikuuzeni zoona, masabata oyamba kankadzutsa nyumba yonse kupatula mwini wake. Ine ndinkadzuka, kumugwedeza mpaka atsegule maso n'kundiyankha, azimitse yekha, akamalizire mundowa, asinthe, tikalumikizenso. Kenako tinaona kuti malo onyowa akuchepa, kenako anayamba kudzuka yekha, pamapeto pake ankagona mpaka m'mawa osadzuka n'komwe. Ngati mukukhala nyumba ya zipinda ziwiri yogundana ndi aneba, muwachenjeze.

NesiWausiku
Kabeluko ndi njira imene imachiritsa ana ambiri mokhalitsa, pafupifupi awiri mwa atatu amauma akakagwiritsa ntchito bwino. Kamafuna miyezi iwiri kapena itatu usiku uliwonse osadumphitsa, ndipo mumasiya mwana akakhala wouma masiku 14 otsatizana. Ena amayambiranso, mumangobwereza. Koma mwana afune yekha, ndipo kudzimbidwa kuyambe kwatha, apo ayi mutaya ndalama.

Kusiyana kwake ndi kumudzutsa kwa agogo kuja n'koti kabelu kamalira pa nthawi yeniyeni imene chikhodzodzo chadzaza, ndiye ubongo umaphunzira kulumikiza ziwirizo. Kumunyamula ali m'tulo kukamukodzetsa kumapulumutsa bulangete usiku umenewo koma sikumuphunzitsa kanthu. Ngati mukumudzutsa, adzuke zenizeni, ayende yekha.

Mukafuna kudziwa kukula kwa chikhodzodzo chake, Loweruka lina akodzere m'botolo lodula pamwamba nthawi iliyonse, muziyeza n'kulemba. Kawerengedwe kake ndi zaka zake kuwonjezera chimodzi, kuchulukitsa ndi 30. Wa zaka 9 ndi 300 ml, botolo lagalasi la Fanta lija. Ngati ngakhale atathinidwa kwambiri amatulutsa theka lokha, mukawauze adokotala. Kapepala kameneko kadzawathandiza kuposa kungonena kuti amakodza kwambiri.

MaiWaPaMatero
Nanga za ulendo wa ku Chipata? August ali pafupi, kabeluko sindingakapeze msanga.

NesiWausiku
Alipo mankhwala otchedwa desmopressin, amagwira ntchito ya homoni ija yochepetsa mkodzo usiku. Amamwa pogona ndipo kwa ana amene amawayanja amagwira usiku womwewo, n'chifukwa chake amathandiza paulendo. Sachiritsa, ambiri akasiya amayambiranso. Lamulo lake ndi lolimba: kuyambira ola limodzi asanamwe mpaka maola 8 atamwa, asamwe madzi kupatula kungonyowetsa kukhosi, chifukwa madzi akachuluka m'thupi mchere wa m'magazi umatsika mpaka mwana kukomoka. Akhale olembedwa ndi dokotala, muyesere kunyumba ulendo usanafike, ndipo wamkulu mmodzi kumeneko adziwe. Wina akakupatsani timapiritsi totchedwa imipramine kapena amitriptyline kuti "tinathandiza wanga", kanani. Mwana akamwa ambiri amaimitsa mtima, ndipo m'nyumba muli wa zaka 5.

GogoNaPhiri
Mankhwala kapena ayi, uwaimbire akazi a amalume akewo uwauze. Ndi mayi, sadzadabwa. Makintoshi upinde uike pansi pa chikwama. Mwana asalephere kukaona abale chifukwa cha mkodzo.

MadamG3
Ndipo ngati mukufuna kumupatsa mphatso, musamupatse chifukwa chodzuka wouma, poti tsiku limene wanyowetsa adzaona ngati walephera mayeso. Mupatseni chifukwa chomaliza botolo la madzi kusukulu, kukodza asanagone osakumbutsidwa, kuika zonyowa mubeseni. Zimenezo zili m'manja mwake.

MaiWaPaMatero
Ndabweranso. Dzulo ndinawawerengera apongozi zimene a nesi analemba, makamaka zoti zimayenda m'magazi. Anakhala chete, kenako anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Akuti mwana wawo, bambo a m'nyumba muno, anasiya ali ndi zaka 12, ndipo mphasa anamusenzetsa kangapo konse osasintha. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji mumafuna mdzukulu asenzenso, akuti "ndimayesa mwina uyu zimugwira". Bambo ake sindinawauze pamaso pa ana, ndinadikira tili awiri. Sanayankhe, koma za lamba sanazitchulenso. Ndikufuna iwo eni amuuze mwanayo, sindikudziwa ngati angavomere. Kukiliniki tipita Lachisanu, botolo la madzi wayamba kunyamula.

Chigubu20
Kkkkk apongozi aulula chinsinsi cha boma.

TateWaAwiri
Musawaseke bambowo, nawonso anavulala. Muwapatse nthawi. Ine wanga ndinamuuza tikuyenda kupita kukagula malasha, osayang'anana kumaso. Anandifunsa katatu kuti "inuyo adadi?"

Mkatete77
Ine ndikuonabe kuti azichapa yekha zofunda zake. Osati chilango, koma adziwe ntchito.

AnaBanda_Chilenje
Chitenje ndi kabudula angachape, bulangete ayi. Ndipo azichapira kuseri, osati pampopi pamene pali anzake.

Amake_Mapasa
Pepani kulowerera. Wanga ndi mtsikana wa zaka 13, January akuyenera kupita ku boarding, ndipo zimamuchitikirabe mwina kawiri pa mwezi. Ndimusiye apite kapena ndimupezere sukulu yoyendera?

NesiWausiku
Muli ndi miyezi yokwanira, musadikire December. Pa zaka 13 mupite naye kwa dokotala wa ana mwezi uno, akayeze mkodzo, afunse za chimbudzi ndi za masana. Poti ndi kawiri pa mwezi, yambani kulemba masiku amene zachitika ndi zimene anadya ndi kumwa madzulo ake, nthawi imene anagona, komanso ngati anali pafupi kusamba. Za sukulu mufunseni mwini wake, ndi wamkulu. Akasankha boarding, mukaonane ndi a matron musanamusiye, mupemphe bedi lapansi pafupi ndi khomo.

Amake_Mapasa
Bedi lapansi ndinalibe nalo nzeru. Nanga makintoshi a ku Kamwala aja, a AnaBanda, matiresi a munthu mmodzi amalowa mamita angati?

AnaBanda_Chilenje
Tengani awiri ndi theka kuti mupindire kunsi. Musankhe wokhuthala, wopyapyala uja amasweka m'mapindo.